Anathokoza Iye Kulibe

Ofesi ya Abena Oforiwaa ili pakati pa uvuni ndi chipinda chosungira ufa, ku bekale ya banja lawo ku Nkawkaw. Khoma la kumanzere limatentha chaka chonse, moti kalendala ikapachikidwa mu Januwale, pofika Malichi imakhala itapindika ngati tsamba louma. Zenera ndi limodzi, la zitsulo, loyang'ana kumsewu. Kale mabasi onse a ku Accra ndi ku Kumasi ankaima pomwepo. Atsikana ogulitsa buledi ankawathamangira mabeseni ali pamutu, mabasi n'kupita, atsikana n'kubwerera pamthunzi. Oforiwaa anayamba kuona zimenezi Lolemba pa 3 Sepitembala 1990, ndipo tsiku limenelo anauzidwa kuti akhalamo miyezi itatu yokha.

Anabadwa Lachiwiri pa 9 Malichi 1971. Bambo ake anamwalira mu 1983, chaka cha njala ndi moto wolusa wa m'tchire, ndipo mayi ake, a Nyarkoa, anabwerera kwa achimwene awo ndi ana awiri, Oforiwaa ndi mlongo wake wamng'ono Ntim. Achimwene awowo, a Darkwa, ndiwo anali eni mbumba komanso eni bekale. Anawapatsa zipinda ziwiri m'nyumba yakale ya banja, analipirira ana sukulu, ndipo palibe tsiku limene anawakumbutsa. Sankafunika kutero. Tauni yonse inkawakumbutsira.

Oforiwaa atalemba mayeso a sekondale, kalaliki wa bekale anali atayamba kudwala maso. A Darkwa anati mwana akathandizeko podikira zotsatira. Zotsatira zinabwera zosafika ku yunivesite, kalaliki anapita kukapuma kumudzi kwawo, ndipo mpando unatsala ndi amene anaukhalira.

Ntchito anaiphunzira ndi maso ndi zala. Mkati mwa sabata ankalemba matumba a ufa olowa, shuga, majarini, buledi wotuluka ndi wobwerera. Koma mtima wa ntchitoyo unali Loweruka. Antchito makumi atatu ndi anayi ankafola pazenera masana, ufa uli mbuu m'tsitsi, aliyense kudzalandira envelopu yake. Oforiwaa ankadziwa wogwira maola owonjezera, wochotseredwa za penshoni, wofika pa msonkho ndi wosafikapo. Dzina limodzi lokha silinkalembedwa pa envelopu, dzina lake. Mwana wa m'nyumba salipidwa, amapatsidwa. Kumapeto kwa mwezi a Darkwa ankamufumbatitsa kenakake, akuti ya sopo, ndipo pa Khirisimasi ankamugulira nsalu yabwino kuposa ya wina aliyense.

Zaka zisanu ndi zitatu zinatha choncho.

Mu Novembala 1998 anaona m'nyuzipepala yokulungira buledi kuti kampani ina yonyamula katundu ku Tema ikufuna kalaliki wa malipiro. Analemba kalata, anaitanidwa, ndipo Lachiwiri pa 17 anauza amalume ake kuti akupita kukaonetsa dzino. Ku Tema anamupatsa pepala la antchito khumi kuti awakonzere malipiro. Anamaliza anzake onse ofuna ntchitoyo akanali pakati. Mayi wa magalasi amene ankayesa anthuwo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anati:

"Palibe cholakwika. Satifiketi yako ili kuti?"

"Ndilibe, mayi. Ndinaphunzirira pantchito."

"Zikuoneka. Koma abwana anga saona zimene ndikuona inezi, amaona pepala." Anavula magalasi. "Pita ukaphunzire. Koma tamvera, mng'ono wanga, sukulu za mabuku a ndalama zachuluka ngati matchalitchi. Usakafunse za mipando kapena za makina. Ukafunse zinthu ziwiri: mayeso amakonza ndani, ndipo amachonga ndani. Akakati ndi iwo eni, utsanzike uzipita."

Oforiwaa anabwerera ndi mafunso awiriwo ngati munthu wonyamula mazira.

Sukulu yoyamba inali pafupi, pamwamba pa sitolo ya mankhwala moyang'anana ndi positi ofesi. Mwini wake anali a Kissi, mkulu wa mpingo umodzi ndi a Darkwa, munthu wansangala wovala tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anamuonetsa makina otaipira asanu ndi atatu ndi kompyuta imodzi yofundika nsalu ya zingwe. Maphunziro anali a madzulo, miyezi isanu ndi umodzi. Satifiketi yachitsanzo inali pakhoma, ya chidindo chagolide chachikulu ngati chivindikiro cha chitini.

"Aphunzitsi, mayeso amakonza ndani?"

"Ine."

"Nanga wochonga?"

"Inenso. Umafuna achonge ndani, wamankhwala ali pansiyu?"

"Olephera amakhalapo?"

"Pasukulu panga? Mwana iwe, munthu walipira ndalama zake, wakwera masitepe awa miyezi isanu ndi umodzi, ine ndimulepheretse? Ufiti umenewo ndilibe."

"Nanga satifiketiyi imafika kuti?"

A Kissi anaseka mpaka tayi inagwedezeka. Sanali munthu wabodza. "Mu Nkawkaw muno ndi m'midzi yonse ya kuphiri uku, palibe sitolo yosadziwa siginecha yanga. Kupitirira apo sindinaiperekezeko."

Panalinso sukulu ya kunja yophunzitsa kudzera pa positi, koma inkafuna ndalama za kunja, ndipo Oforiwaa anangopinda kapepala kake. Lachitatu pa 16 Disembala dzino lija linawawanso, ndipo anakwera minibasi ya ku Koforidua. Kumeneko, kuseri kwa msika, kunali sukulu ya Mayi Lamptey: zipinda ziwiri, mabenchi, bolodi losweka pakona. Mayi Lamptey sanamupatse ngakhale mpando.

"Ife sitipereka satifiketi," anatero. "Timangophunzitsa. Mayeso amachokera ku bungwe lina, amabwera omata, ndipo wochonga sakudziwa iwe, sandidziwanso ine. Chaka chatha analemba anthu makumi anayi, anakhoza khumi ndi asanu ndi awiri. Zaka ndi ziwiri. Chaka choyamba mabuku a ndalama, chachiwiri malipiro ndi msonkho. Ukakhoza, pepala limenelo ungapite nalo ku Tema, ku Takoradi, kulikonse."

Chodabwitsa n'chakuti chiwerengero cha olepherawo ndicho chinamusangalatsa Oforiwaa. Khomo limene ena amakanika kulowa ndiye kuti ndi khomo lenileni.

"Timaphunzira liti, mayi?"

"Loweruka. Eyiti koloko mpaka fili koloko. Ophunzira anga onse ndi apantchito, tsiku lina alibe. Kulembetsa kutseka Lachisanu pa 29 Januwale. Ukabwera pa 30, udzapeza loko."

Loweruka. Oforiwaa anapinda fomu n'kuika m'chikwama, ndipo ulendo wonse wobwerera ankatembenuza liwu limenelo m'mutu kufuna mbali yofewa.

Nkhani yaikulu chotere mwana sapita nayo yekha kwa amalume. Imadzera kwa mayi. Tsiku lotsatira Khirisimasi, akusinja chinangwa chophika kuti akonze fufu, iye ali ndi munsi, mayi ake akutembenuza mumtondo, anafotokoza zonse.

"Mukawauze kuti ndi ku Koforidua, amayi. Kwa Mayi Lamptey. Musaiwale dzinalo. Ndipo ndi Loweruka."

Dzanja la a Nyarkoa linachedwa kutuluka mumtondo, munsi unangotsala pang'ono kuliphwanya.

"Loweruka? Nanga anthu alandira bwanji?"

"Tipeza njira. Inu mukangonena."

"Ndamva."

A Nyarkoa anamvadi, koma ankawadziwa achimwene awo. Munthu ngati ameneyo sumusenzetsa mtolo wonse tsiku limodzi. Umayamba ndi nkhuni imodzi, akaizolowera n'kuwonjezera. Choncho Lachinayi pa 7 Januwale 1999 anakangonena kuti mwana akufuna kuphunzira za mabuku a ndalama, kuti akhale ndi pepala. Za Koforidua ndi za Loweruka anasungira sabata yotsatira.

A Darkwa sanadikire sabata yotsatira. Loweruka pa 9, Oforiwaa atamaliza kulipira antchito n'kukwera phiri kupita ku Obomeng ku maliro a bambo a mnzake wa kusukulu, iwo anakwera masitepe a a Kissi, analipira miyezi isanu ndi umodzi yonse nthawi imodzi, ndipo madzulo anatumiza lisiti kwa mlongo wawo. Mpaka lero ena amati anachita ndi mtima woyera, poti anali munthu wosachedwa pa zabwino. Ena amati dalaivala wa ufa anali atamuona mtsikanayo ku Koforidua. A Darkwa anapita kumanda osanenapo.

Mphatso yaikulu siigonetsa osathokoza. Wolandira amadzuka kusanache bwino, amatenga mboni ndi botolo la mowa wa sinapu, n'kukagogoda kwa woperekayo. Imeneyo ndiyo aseda. Isanachitike, nkhani imakhala ikanali m'malere ndipo ikhoza kukambidwa. Ikachitika, wopereka sangalandenso, wolandira sangabwezenso. A Nyarkoa anagona ndi lisiti lija pansi pa pilo. Kudikira mwana abwere kuphiri kukanatanthauza kuti dzuwa lituluke, tchalitchi chilowe, achimwene awo akhale pa benchi lakutsogolo osathokozedwa. Anthu akanati chiyani? Lamulungu pa 10 Januwale, tambala atangolira kachiwiri, anatenga azakhali ena a m'banjamo ndi mkulu wa mpingo mmodzi. Botolo linatsegulidwa, madontho anathiridwa pansi, ndipo mkulu uja, posafuna kuti chabwino chibisike, anakachinenanso m'tchalitchi pa zolengeza.

Oforiwaa anatsika phiri madzulo, nsalu ya maliro ikanali m'thupi. Asanafike kunyumba anthu atatu anali atamugwira kale chanza.

"Amayi, mwachita chiyani?"

"Ndathokoza. Unkafuna ndichite chiyani?"

"Ndinati ku Koforidua."

"Unatero. Koma alipira kale, ndalama zonse, osatsalako ngakhale sedi imodzi. Ine ndikanakawauza kuti achimwene, mwalakwitsa sukulu? Pakamwa pomwepa, podya zawo?"

"Mukanandidikira tsiku limodzi lokha."

"Sukulu ndi sukulu, Abena. Mabuku ake si omwewo? Kapena ku Koforidua awiri kuphatikiza awiri amakhala asanu?"

Oforiwaa anafuna kufotokoza za wokonza mayeso ndi wochonga, koma anaona nkhope ya mayi ake, yowala ngati ya munthu amene wabweza ulemu umene wakhala akuusowa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anangopita kukavula nsalu ya maliro.

Komabe sanagonje msanga. Anali ndi ndalama zake zochepa zimene ankasunga kwa wosungira anthu ndalama wa pamsika, zokwanira chaka choyamba kwa Mayi Lamptey. Anaganiza zophunzira konse kuwiri, madzulo kwa a Kissi, Loweruka ku Koforidua. Chotsala chinali Lowerukalo. Lolemba anakaima pakhomo la ofesi ya amalume ake, manja kumbuyo, n'kuthokoza kaye monga mwa mwambo. Kenako anati:

"Malume, bwanji antchito tiziwalipira Lachisanu?"

A Darkwa anangotulutsa mutu pazenera n'kuitana Fuseini, mkulu wa pauvuni, amene anayamba ntchito pamenepo Oforiwaa asanabadwe.

"Fuseini, tamva nzeru za mphwangayu. Akuti muzilandira Lachisanu."

Fuseini anapukuta thukuta ndi chigamba cha thumba la ufa. "Madamu, mukufuna kutipha? Ine sindimwa, mukudziwa. Koma anyamata angawa mukawapatsa envelopu Lachisanu, Loweruka m'mawa mukawatole nokha m'ngalande. Ndipo Loweruka ndiye tsiku la buledi wa maliro. Ndikanda ndekha matumba makumi awiri? Kapena mubwera ndi cholembera chanucho mudzandithandize?"

"Wamva," anatero a Darkwa, Fuseini atatuluka. "Nanga Loweruka ukulifuniranji?"

Anawauza. Anatchula Koforidua, Mayi Lamptey, mayeso omata. A Darkwa anamvetsera mpaka kumapeto, osakweza mawu.

"Sukulu ziwiri. Ndiye kuti imene ndakulipirira ine yachepa."

"Ayi, malume, sindikutero."

"Sukutero iwe, koma miyendo yako idzatero Loweruka lililonse, pamaso pa tauni yonse. Mayi ako anabwera kuno ndi botolo. Anthu anamva m'tchalitchi. Tsopano amve kuti mwana wa Nyarkoa walandira ndi dzanja ili, dzanja linali akukafuna zabwino kwina?" Anatsegula buku lawo la maoda. "Ine sindikuletsa. Sindinamangepo munthu chingwe. Ukafunse mayi ako ngati angathe kuyenda nazo."

Oforiwaa anayesanso kwa a Kissi, kuti mwina abweze ndalamazo mwakachetechete, nkhani ikonzedwe pakati pa akuluakulu. A Kissi anamumvera chisoni chenicheni.

"Ndikanabweza, mwana wanga, ngakhale ndagulira kale inki ndi mapepala. Koma ndikabweze kwa ndani? Kwa a Darkwa? Mphatso yothokozedwa kale? Amenewo ndimakhala nawo benchi limodzi. Bwera uphunzire basi. Sindiluma."

Lachisanu pa 29 Januwale Oforiwaa anadzuka m'mawa, anavala diresi la buluu, anaika fomu yodzaza kale ndi ndalama m'chikwama, n'kupita kusiteji osati kubekale. Minibasi ya ku Koforidua inali ndi anthu asanu. Analipira, anakhala pazenera. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndipo tsiku limenelo anthu ankabwera mmodzimmodzi ngati madontho a denga lodontha. Atsikana a buledi a kubekale kwawo anamupeza pomwepo.

"Ii, Madamu! Ulendo wa kuti Lachisanu lino? Mawa tilandira koma?"

"Mulandira."

"Dzino lija lomwe? Dzino limeneli likonda Koforidua bwanji! Lili ndi ndevu kapena?"

Anaseka nawo pang'ono. Anthu anafika khumi, kenako khumi ndi awiri. Patatsala mpando umodzi, anaona mayi ake. Anaima kutsidya kwa siteji, pafupi ndi wogulitsa malalanje, atavala nsalu yawo ya kutchalitchi. Sanamuitane. Sanakweze dzanja. Anangoima, tsinya lili pamphumi chifukwa cha dzuwa, ngati munthu amene wabwera kudzaona nyumba yake ikupsa ndipo akudziwa kuti madzi palibe. Oforiwaa anaganiza za zipinda ziwiri zija, za benchi la amayi m'tchalitchi, za azakhali amene anakhala mboni. Iye akanakwera basi tsiku lina n'kupita ku Tema. Mayi ake akanatsala mu Nkawkaw, m'nyumba ya a Darkwa, kudutsa pakati pa milomo ya anthu kupita kumsika ndi kubwerera.

Munthu womaliza anafika ndi nkhuku m'manja. Kondakitala anagwira chitseko.

"Dikirani, nditsike."

"Mutsike? Mwakhala ola lathunthu kutenthetsa mpando, galimoto yadzaza ndiye mutsike? Ndalama sitibweza, achemwali!"

"Sindinapemphe."

Anadutsa pafupi ndi mayi ake, ndipo iwo anamutsatira chapatali mpaka pachipata cha bekale. Masana amenewo anakonza maenvelopu a mawa lake.

Kwa a Kissi anapita madzulo alionse kuyambira Lolemba pa 1 Febuluwale. Sanajombepo. Anaphunzirako kutaipa ndi zala zonse khumi, ndi mayina a m'mabuku a zinthu zimene ankazichita kale osadziwa kuti zili ndi mayina. Kompyuta ija anaigwirako kanayi. Mayeso analemba anthu khumi ndi anayi ndipo anakhoza khumi ndi anayi.

Mwambo wopereka masatifiketi unali Loweruka pa 31 Julayi 1999. A Darkwa anali mlendo wolemekezeka, ndipo pofuna kuti mphwawo asasowe pa tsiku lake, analamula kuti sabata imeneyo yokha antchito alandire Lachisanu. Loweruka m'mawa anyamata asanu ndi mmodzi sanabwere. Fuseini anakanda ufa akutukwana m'chilankhulo cha kwawo, ndipo a Darkwa anakhala akuikamba nkhaniyo zaka zambiri, akuseka, monga umboni woti iwo sankalakwa. Satifiketi anaiika okha m'galasi, anakhoma okha msomali pakhoma lozizira la ofesi, pamwamba penipeni pa mutu wa Oforiwaa.

Iye anali atajambulitsa kale pepalalo n'kutumiza ku Tema. Yankho linabwera pa 2 Sepitembala, mizere itatu. Pansi pake mayi wa magalasi uja anawonjezera ndi cholembera: "Ndinakuuza mafunso awiri."

Januwale aliyense ankati chaka chino. Koma kupita kwa Mayi Lamptey chaka chotsatira kukanakhala chipongwe chomwecho, chongochedwa, ndipo Loweruka linali lomwe lija. Mu 2000 anakwatiwa ndi mphunzitsi wa pulayimale, munthu wofatsa amene anasamutsidwira kumpoto n'kumabwera pa tchuthi pokha, mpaka anasiya kubwera. Lachinayi pa 17 Meyi 2001 anabereka mwana wamkazi, Yaa Sarpomaa. A Darkwa anamwalira Lachitatu pa 16 Malichi 2011, ndipo banja linaika Ntim pampando wawo. Mlongo wake wamng'ono, amene Oforiwaa ankamusambitsa, anakhala bwana wake ndi mwini mbumba. Ntim anamulemba pa malipiro kwa nthawi yoyamba, ali ndi zaka makumi anayi, ndipo anthu anamuyamikira kwambiri Ntimyo. Msewu watsopano wolambalala tauni utatsegulidwa, mabasi akuluakulu anasiya kudutsa pazenera paja. Kenako malipiro anayamba kutumizidwa pa foni, mzere wa Loweruka unatha, ndipo tsikulo linamasuka lokha popanda womupempha. Pamenepo n'kuti Mayi Lamptey atamwalira, maso a Oforiwaa atayamba kufuna magalasi, ndipo makampani a ku Tema akufuna ana a zaka makumi awiri ndi zisanu. Loweruka ankapitabe ku ofesi. Kwina kopita kunalibe.

Sarpomaa anakula ndi mutu wa masamu ngati mayi ake. Atamaliza sekondale mu 2019 ananena kuti akufuna za mabuku a ndalama ndi malipiro, ndipo anali atayamba kufufuza sukulu za ku Accra pa foni yake. Nkhani inamufika Ntim. Loweruka pa 7 Sepitembala madzulo anatumiza uthenga kunyumba yakale ija: walankhula ndi mwana wa a Kissi, amene tsopano ndiye ankayendetsa sukulu ya pamwamba pa sitolo ya mankhwala, ya makompyuta makumi awiri, ndipo malo a Sarpomaa alipo. Amalume alipira zonse. Mwana akamaliza adzathandize mayi ake mu ofesi, poti maso awo ayamba kuvuta. Miyezi yochepa chabe.

Lamulungu kusanache, a Nyarkoa, okalamba tsopano ndi oyendera ndodo, anatuluka m'chipinda atavala nsalu ya kutchalitchi, botolo lili m'kathumba. Anapeza Oforiwaa atakhala pampando pakhomo penipeni pa bwalo, atatsamira chitseko.

"Tapatuka, tichedwa. Mboni zikudikira."

"Zidikire."

"Abena, wayamba misala? Dzuwa lituluka."

"Lituluke, amayi. Linatulukanso tsiku lija." Anatambasula dzanja. "Patseni botololo."

"Ufuna anthu ati chiyani? Kuti Ntim wapereka, ife takhala chete ngati mbuzi?"

"Anene. Ine ndi amene ndimawalipira, akatopa asiya."

Anakokerana pang'ono, koma manja a a Nyarkoa analibenso mphamvu. Anakhala pansi pa khonde n'kuyamba kulira chapansipansi, akutchula dzina la malemu achimwene awo. Oforiwaa sanawatonthoze. Anadzutsa Sarpomaa, anamuuza avale, ndipo awiriwo anapita kwa Ntim opanda mboni, opanda botolo, dzuwa litakwera kale.

Ntim anawalandira pakhonde, akuyang'ana m'manja mwawo.

"Achemwali, mwabwera chimanjamanja?"

"Tabwera ndi mafunso awiri, achimwene. Mwana afunsa yekha kusukuluko mawa, inu muli pomwepo. Akayankha bwino, botolo ndibweretsa ndekha, awiri ngati mukufuna. Akayankha mmene anandiyankhira ine a Kissi, ndalama zanuzo mutithandize nazo kwina, kapena musunge. Sitinathokoze, ndiye palibe chatayika."

"Mukundichititsa manyazi pa anthu."

"Pang'ono. Mupola."

"Amalume akanakhala moyo..."

"Ali moyo. Ndimakhala pansi pa msomali wawo tsiku lililonse."

Ntim sanamulankhule miyezi itatu. Maoda ankatumiza pa foni ali chipinda chachiwiri. Kutchalitchi amayi ena anasuntha pa benchi, ndipo a Nyarkoa anasiya kupita kumsika mpaka Khirisimasi. Sarpomaa anafunsa mafunso ake, anamva mayankho, ndipo Lolemba pa 13 Januwale 2020 anakwera basi ya ku Accra kupita kusukulu imene mayeso ake amabwera omata. Chaka choyamba analipira mayi ake. Chachiwiri analipira Ntim, mosanena zambiri, ndipo ulendo umenewo botolo linapita m'mamawa, Sarpomaa ali patsogolo.

Tsiku limene mwana ananyamuka, Oforiwaa sanamuperekeze kumsewu watsopano kumene mabasi amaima masiku ano. Linali Lolemba, galimoto ya ufa inali itafika, ndipo matumba sawerengedwa ndi munthu wina. Anatsanzikana pachipata cha bekale. Kenako analowa mu ofesi, anapukuta fumbi la ufa pagalasi la satifiketi monga amachitira m'mawa uliwonse, anasunthira mpando kutali pang'ono ndi khoma lotentha, n'kukhala.